Lipoti la ulendo wa ku Tete ndi ku Boroma

Abambo Mfumu, a wapampando ndi inu nonse a khonsolo ya parishi, ndikupereka lipoti la msonkhano wa kasamalidwe ka matchalitchi akale umene munandituma ku Tete.

Tsiku loyamba linathera pa malonje, malipoti a zachuma ndi zokamba za m'Chipwitikizi zimene womasulira ankangotipatsa mitu yake.

Chimene chinandigwira mtima ndi ulendo wa ku mishoni ya São José ku Boroma, kumtunda kwa mzinda wa Tete motsata mtsinje wa Zambezi. Ansembe a Chijezuwiti anaikhazikitsa m'zaka za m'ma 1880, ndipo tchalitchi anachimanga pachitunda, moti munthu ukaima panja umaona mtsinje wonse utayala m'munsi, zilumba za mchenga pakati pake, asodzi akupalasa mabwato ndi milambe ya kutsidya. Ansembewo anachotsedwa boma la Portugal litasintha mu 1910, sukulu za mishoni zinatengedwa ndi boma la Mozambique mu 1975, nkhondo inadutsa m'dzikomo, koma tchalitchicho chidakali chilili. Ndinagwira khoma lake ndi dzanja langa, ndipo ngakhale kunja dzuwa la ku Tete linali kuswa mtengo, mkatimo munali mozizira bwino.

Msonkhano unagwirizana kuti parishi iliyonse ilembe m'kaundula zinthu zake zakale, monga mabelu ndi mabuku a ubatizo, ndiponso kuti nyumba yakale isagwetsedwe popanda chilolezo cha Ambuye Episkopi. Mfundo zimenezi ndinazivomera ndi mtima wonse. Imene sindinakondwere nayo ndi yoti ntchito yokonza iziyembekezera thandizo lakunja, pakuti chiswe ndi mvula sizidikira kalata ya kwa azungu.

Apa ndiye pakutikhudza ife. Alipo pakati pathu amene akufuna kuti tchalitchi chathu chakale cha m'mbali mwa mtsinje chigumulidwe, njerwa zake zimangire holo, ati chifukwa mwadzaza mileme. Mileme imathamangitsidwa, koma nyumba imene makolo athu anabatizidwiramo ikagwa sitidzaimanganso. Ndipo pa nkhani ya denga, miphakati inasonkha ndalama za malata, koma mpaka lero malatawo sitinawaone ndipo lipoti lake silinawerengedwe pamaso pa khonsolo ino, ngakhale ndakhala ndikufunsa. Akhristu a kumiphakati akamatiloza chala, tiziwayankha chiyani?

Ndamvanso kuti ena akuti ndinapita kukadya alawansi. Ndalama munandipatsa inathera pa basi yodzera ku Mwanza ndi ku Zóbuè, malo ogona ndi chakudya, ndipo ulendo wa ku Boroma ndinalipira kuchokera m'thumba mwanga. Malisiti onse ndapereka kwa a msungichuma. Ndikupempha kuti nkhani ya kaundula ndi ya malata ziikidwe pa mndandanda wa zokambirana za msonkhano wa mwezi wamawa.