Kalata yochokera m'chipatala ku Joni

Johannesburg, Julaye

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Mchinji. Ine kuno ndiliko. Ndalemba dala ndi dzanja langa kuti muone zilembo zanga, mukawauze amene akufalitsa zoti ndili kayakaya kuti munthu wakayakaya sagwira cholembera. Alamu anu andiuza kuti mphekesera zafika mpaka pa Kamwendo, ena akuti andichotsa chiwindi chonse, ena akuti andiponyera kuchokera kumudzi chifukwa cha nyumba ndikumanga ija. Pa foni sindingafotokoze bwino, ndikalankhula nthawi yaitali mpweya umandithera. Ndiye ndikulemba pang'onopang'ono, ndikatopa ndimagona, ndikadzuka n'kupitiriza.

Anandipeza ndi chotupa m'chiwindi, mbali ya kumanja, kunsi kwa nthiti. Kupweteka kwenikweni kunalibe. Thupi limangotha, lamba ndinachita kuboola mabowo ena, chakudya ndikangolawa basi ndakhuta. Atandijambula m'mimba n'kundiyeza magazi, anandiuza mosapita m'mbali kuti ndi khansa. Mwayi wanga unali woti chotupacho chinali chimodzi, chisanafalikire kwina, ndiponso mbali inayo ya chiwindi inali isanaume. Chikanakhala chitauma kale, adokotala akuti sakanayerekeza kudula chachikulu chotero, poti chotsalacho sichikanakwanitsa ntchito.

Dokotala wa opaleshoniyo, mzimayi wamfupi wolankhula mofulumira, anandijambulira papepala tsiku lisanafike. Chiwindi cha munthu wamkulu chimalemera pafupifupi makilogalamu 1.5, ndipo iwo amachiona ngati zigawo 8, chigawo chilichonse ndi mitsempha yake ya magazi komanso kanjira kake ka ndulu. N'chifukwa chake zimatheka kudula mbali ina, inayo n'kumagwirabe ntchito. Kwa ine anachotsa mbali yonse ya kumanja, imene ndi yaikulu kuposa inzake, pamodzi ndi kathumba ka ndulu. Inu mumasenda mbuzi pa Khirisimasi, mukudziwa mmene kathumbako kamamatirira ku chiwindi, ndiye sikukanatheka kukasiya. Ndulu imapangidwabe, poti chimapanga ndi chiwindi, kathumbako ndi kongosungira. Chimene chimawachedwetsa mu fiyeta ndi magazi. Mphindi iliyonse magazi oposa lita imodzi amadutsa m'chiwindi, choncho kamtsempha kalikonse amayenera kukamanga asanadule. Ndinalowa m'mamawa, alamu anu anadzandiona dzuwa litalowa.

Chimene chinandipatsa mtima wosaina pepala lovomereza opaleshoni n'choti chiwindi chimakulanso. Sikuti mbali yodulidwayo imaphuka ayi, koma yotsalayo imanenepa, ndipo pakatha masabata angapo kapena miyezi yochepa imafika pafupifupi pa msinkhu umene chiwindi chonse chinali. Pachiwindi chabwinobwino amatha kuchotsa mpaka magawo 7 mwa magawo 10, munthu n'kukhala moyo. N'chifukwa chakenso munthu wamoyo amatha kugawirako mnzake. Kuno komwe ku Parktown, pachipatala cha Wits Donald Gordon, mu 2017 madokotala anatenga gawo la chiwindi cha mayi amene ali ndi HIV n'kuika mwa mwana wake amene anatsala pang'ono kumwalira, ndipo onse awiri anapulumuka. Mukawauze amalume zimenezi, mwina asiya kundilira ndili moyo.

Kudzuka kwake ndiye sindikufunirani. Ndinapezeka m'chipinda cha odwala mwakayakaya, machubu mbali zonse: ina m'khosi, ina m'mphuno, ina ya mkodzo, ina yotuluka pamimba penipeni kulowa m'kathumba kolendewera m'mbali mwa bedi. Kathumba kameneka ndi kamene ndakhala ndikukayang'ana kuposa nkhope za anthu. M'mawa uliwonse nesi amabwera, amakanyamula n'kukayang'anitsa pa kuwala, amawerenga mizere ya mulingo, n'kulemba pa fayilo. Poyamba madziwo anali ofiira, kenako anayamba kumbuwa n'kukhala ngati achikasu chopepuka. Chimene amaopa ndi kuona obiriwirako, chifukwa ndiye kuti ndulu ikudontha pamene anadula paja. Ine ndinafika pomayamba ndekha kusuzumira nesi asanabwere, kuti ndidziwiretu ngati tsikulo ndi labwino. Dzana anaichotsa chubuyo. Anandiuza kuti ndikoke mpweya, anaisolola kamodzi, ndinamva ngati china chake chikuyenda m'kati kuchokera kumsana, ndisanakuwe n'komwe inali itatuluka.

Bala lake likuyambira pachifuwa kutsika, n'kukhota kupita kumanja, ndipo analitseka ndi timawaya ngati ta sitepula. Kutsokomola ndi nkhondo. Anandiphunzitsa kukumbatira pilo pamimba ndisanatsokomole, ndipo kuseka ndimachita kupempha anthu kuti asandiyambe. Koma kugona phee salola. Tsiku lotsatira opaleshoni lenilenilo kunabwera mtsikana wa mafizo, anandikhazika tsonga, kenako kundiimiritsa, ine chizungulire, miyendo njenjenje. Ndinamuona ngati wankhanza. Pano ndikumvetsa: ukangogona, mapapo amadzaza makhololo n'kudwala chibayo, ndipo magazi amaundana m'miyendo. N'chifukwa chake andiveka masokosi othina ofika m'maondo, komanso madzulo aliwonse pamakhala jakisoni wa pakhungu woletsa magazi kuundana. Anandisiyiranso kachipangizo ka timipira titatu, umakoka mpweya kuti timipirato tikwere m'mwamba. Awiri akukwera tsopano, kachitatu kamangogwedezeka n'kukhalanso pansi.

Ndipo simungakhulupirire chimene manesi ankandifunsa m'mawa ndi madzulo masiku oyambawo: ngati ndaphwisa. Bambo wamkulu ngati ine, kufunsidwa zimenezo ndi mwana woti ndingabereke! Akuti ndicho chizindikiro choti matumbo adzuka ku tulo ta mankhwala, ndipo chakudya chenicheni amayamba kukupatsa zikatero. Tsiku limene zinatheka, wodi yonse inadziwa.

Chimene chandisowetsa mtendere kwambiri si bala. Kuno kulibe zoti gadiyani agone pansi pafupi ndi bedi ngati ku Kamuzu Central, kukutembenuza usiku, kukuphikira phala lako kukhitchini ya magadiyani. Abale amabwera pa nthawi yoona odwala, ikatha onse panja. Alamu anu amakwera mataxi awiri kuchokera ku Rosettenville, amakhala kanthawi kochepa, n'kubwerera kusanade, poti Joni mukuidziwa mbiri yake kukada, ndipo Julaye wa kuno amazizira mpaka madzi kuuma pa galasi la galimoto m'mawa. Usiku umatalika. Komabe ndisanamizire anthu, manesi akundisamala, amanditchula kuti baba, ndipo Chizulu changa cha kuntchito chija chandithandiza. Bedi loyandikana nane pali mdala wa ku Soweto amene anagwira ntchito kumigodi. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anayamba kunditchula kuti Nyasa, n'kumandisimbira za anzake a kwathu a nthawi ya Wenela, bungwe lolemba anthu opita kumigodi lija, amene ambiri anabwerera kumudzi Kamuzu ataletsa ulendowu ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Ndinakumbuka agogo athu aja ndi jekete lawo lakuda.

Chakudya chikulowa pang'onopang'ono. Akufuna ndizidya mazira, nyemba, nkhuku ndi chambiko, chimene kuno amati amasi, kuti chiwindi chipeze zomangira. Nsima yawoyi, imene amati papa, siindigwira mtima. Ndimagona ndikulota nsima ya ufa woyera ndi therere la chewe, koma zimenezo zidikire.

Tsopano imvani chimene ndalembera kalatayi, achimwene. Chotupachi sichinachokere kwa munthu. Magazi anga anapezeka ndi kachilombo kotupitsa chiwindi, ka hepatitis B, ndipo adokotala akuti mwachionekere ndakhala nako kuyambira ndili mwana. Kwathu ku Africa kuno ambiri amakatenga pobadwa kuchokera kwa mayi, kapena ali aang'ono kudzera m'magazi a ana anzawo, m'zilonda, m'malezala obwerekana. Munthu wamkulu akakatenga, nthawi zambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma khanda likakatenga, mwa makanda 10 alionse pafupifupi 9 amakhala nako moyo wonse. Kamakhala chete zaka 30 kapena 40, munthu akulima, akukwatira, akubereka, iko kakudya chiwindi mwakachetechete. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mu 2022 anthu 254 miliyoni padziko lonse anali nako, ndipo 65 miliyoni mwa iwo ndi a kuno ku Africa. Ambiri sadziwa n'komwe.

Inu ndi ine tinakulira bwalo limodzi. Tinkametedwa ndi lezala limodzi, mphini tinatemedwa ndi lumo limodzi tsiku limodzi, mukukumbuka mmene munathawira kukabisala kuseri kwa nkhokwe. Katemera wa matendawa analowa m'ndondomeko ya ana ku Malawi mu 2002, kuno ku South Africa mu 1995, ndiye ife a kale tinaphonya. Chonde pitani pachipatala cha boma pa Mchinji, kapena ku Kamuzu Central mukapita ku Lilongwe, mukapemphe kuti akuyezeni hepatitis B. Mutchule dzina lenilenilo, chifukwa mukangoti mundiyeze magazi adzakuyezani malungo ndi HIV basi. Mutenge alamu, mutengenso achemwali anga awiri aja pamodzi ndi amayi, poti tikakhala a mimba imodzi mpata woti nanunso muli nako ndi waukulu. Za ana, yang'anani m'timabuku tawo ta kusikelo ngati analandira katemera yense. Alamu anu kuno ayezedwa, alibe, ndipo ayamba kubayitsa katemera. Akakupezani nako musataye mtima. Pali amene amafunika mankhwala, pali amene amangofunika kumaonedwa, koma kujambulitsa chiwindi miyezi 6 iliyonse ndi kumene kumagwira chotupa chikadali chaching'ono choti n'kudulika. Ndipo muwauze anthu kuti kachilomboka sikayenda m'mbale, m'kapu kapena pogwirana chanza, asayambe kuwapatula amayi pa nsima.

Ine andiyambitsa mapiritsi a tenofovir, kamodzi patsiku, ndipo akuti ndisadzawasiye mwa ine ndekha. Mankhwala omwewa amapezekanso mu ma ARV, ndiye ndikudziwa kuti wina akadzaona botolo adzathamanga nayo nkhani. Athamange, bola ine ndikumwa.

China ndi cha mtedza, ndipo apa mundimvere bwino poti ino ndi nyengo yanu yoswa ndi kugulitsa. Chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu amawononga chiwindi, ndipo akakumana ndi hepatitis B mwa munthu mmodzi, chiopsezo cha khansa chimakwera kwambiri. Kukazinga kapena kuwiritsa sikumuthetsa. Ndiye taganizani zimene timachita kwathu: timawaza madzi pa makoko kuti afewe poswa, n'kulongedza m'matumba mtedza uli wachinyezi. Wabwino timasankhira vendala, wonyala ndi wakuda uja n'kusinja nsinjiro zothira m'phala la ana. Achimwene, wosankhidwa kunja uja tayani, ngakhale ziwawe. Umitsani mtedza mokwanira usanalowe m'thumba, ndipo matumba asagone pansi kapena kutsamira khoma.

Amayi akuti akufuna kutumiza mizu kudzera kwa anyamata a mabasi. Muwaletse mwaulemu. Chilichonse chimene munthu wamwa chimakadutsa m'chiwindi, ndipo changachi panopa ndi kachidutswa kamene kakugwira ntchito ya chiwindi chonse. Ngakhale Panado weniweniyu sindikumwa popanda adokotala kunena mlingo. Mowa ndiye ndatsazikana nawo. Inunso kachasu wa Loweruka uja mumuganizire, osachepera mpaka mutaona zotsatira za magazi.

Akanditulutsa, akuti ndisanyamule cholemera kwa masabata 6 kapena kuposerapo, ndiye kuntchito sindibwererako msanga. Ndizibweranso kudzajambulidwa ndi kuyezedwa magazi pafupipafupi, chifukwa khansa imeneyi imatha kubwerera, ndipo sanandibisire. Pa chifukwa chimenechi Disembala uno sindibwera kumudzi. Anzathu a gulu la maliro lija, limene timasonkha kuti wina akatisiya mtembo upite kwawo, anakhala pansi n'kugwirizana kuti ulendo uno athandize wamoyo. Ndi amene alipira lendi mwezi uno. Abwana nawo asunga malo anga.

Za nyumba, amisiri aime kaye pamene afikapo. Simenti yotsala ija isaume pachabe, gulitsani, ndalamayo mugwiritse ntchito pa thiransipoti ya amayi ndi achemwali popita kokayezetsa. Malata akhale m'nyumba mwanu momwemo. Mukatenga zotsatira, zijambuleni munditumizire pa WhatsApp ya alamu anu, ndidzawaonetsa adokotala kuno kuti andifotokozere tanthauzo lake.

Moni kwa alamu, kwa ana onse, ndi kwa amfumu. Amayi muwawerengere kalatayi nokha, koma za kuphwisa zija mudumphe.

Ndine mbale wanu,
wa ku Joni