Lipoti la ulendo wa ku Pretoria: nkhani ya manja opweteka ija

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Munandituma ku maphunziro a masiku awiri a anthu ochita masewero owombera chandamale, pa bwalo lina lowomberapo kufupi ndi Pretoria. Funso lomwe munandipatsa linali limodzi: bwanji ambirife manja amatiwawa tikangowombera zipolopolo 50 za mfuti yam'manja ya 9mm? Zina zomwe tinaphunzira, monga kayeretsedwe ka mfuti ndi malamulo a mipikisano, ndidzafotokoza pamaso. Pano ndikhazikike pa manja.

Mphunzitsi sanayambe ndi kuyang'ana mfuti zathu. Anati aliyense awombe zipolopolo khumi, aike mfuti pathebulo itachotsedwa magazini (kabokosi ka zipolopolo), kenako atambasule chikhatho. Ankayenda ndi cholembera, nkumazunguliza paliponse pamene patupa kapena pasupuka. Changa anazunguliza pawiri: pamfundo ya chala chapakati, ndi pakhungu la pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Asanandione nkomwe ndikuwomba, anandiuza kuti ndimagwira mfuti m'munsi kwambiri ndipo ndimaifinya ngati ndikukama ng'ombe. Sanalakwitse.

Nkhani yake ili apa. Mfuti ikalira, slide (chigawo chapamwamba cha mfuti chomwe chimatsetsereka) imabwerera m'mbuyo pamwamba pa dzanja, ndipo mlomo wa mfuti umadumphira m'mwamba. Mukasiya mpata pakati pa dzanja ndi kakhosi kakumbuyo kwa chogwirira, mfuti imapeza poyendera, nkumakumenyani pamalo amodzimodzi chipolopolo chilichonse. Kwezani dzanja mpaka lifike pakakhosi paja, mpata usakhalepo. Kenako dzanja lothandizira lidzaze mbali ya chogwirira yomwe yatsala poyera, zala zazikulu zonse ziwiri zitaloza kutsogolo. Ndipo ndi dzanja lothandizirali lomwe liyenera kugwira mwamphamvu. Lowombera likafinya kwambiri, chala cha pa trigger (kokoka kuti mfuti ilire) chimauma, mkono umatopa mpaka m'chigongono, chipolopolo nkumapita m'munsi chakumanzere kwa ife ogwira kumanja. Zaka zonsezi ndinkangoimba mlandu mfuti yanga.

Chala chachikulu cha dzanja lothandizira chisamapingase kumbuyo kwa slide. Bambo wina pamzere wathu anatero, ndipo tsiku loyamba analimaliza atamanga bandeji.

Komabe nthawi zina vuto limakhala la chogwirira chenichenicho. Mfuti za magazini ya mizere iwiri, monga Z88 ija apolisi a ku South Africa akhala akunyamula, yomwe inatengera Beretta 92, ndi zonenepa pogwira. Munthu wa manja aang'ono amapendeketsa dzanja kuti chala chifike pa trigger, ndiye mphamvu yonse imagwera pamfundo ya chala chachikulu m'malo molowa mumkono. Amene muli ndi Glock ya Gen4, yomwe inatuluka mu 2010, kafufuzeni m'bokosi lomwe inabweramo. Muli timapulasitiki ta kumbuyo kwa chogwirira, kena kamawonjezera 2 mm, kena 4 mm. Ndikudziwa ena a inu simunatikhudzepo chigulireni. A manja aakulu yesani kokhala ndi mchira, kamatchinjiriza khungu kuti slide isakudyeni. Nayo Browning Hi-Power ya 1935 ija imadziwika kuti hammer (kanyundo kakumbuyo kwa mfuti) yake imatsina pakhungu la pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Kwa oigwiritsa ntchito, gulovu yopyapyala imathandizako.

Panali kutsutsana pa za kupala pulasitiki ya pansi pa trigger guard (kamkombero kotchinjiriza trigger) kuti isamadye chala chapakati. Ena amati imathandiza, ndipo ndinagwirako ya mnzathu wina, inalidi yabwino m'manja. Ine maganizo anga ndi akuti tisathamangire zimenezo. Zomwe wapala sizibwerera, ndipo mipikisano ina salola mfuti yosinthidwa choncho. Tiyambe ndi kagwiridwe, kenako tepi yokhakhala yomata pa chogwirira, yomwe imathandiza manja a thukuta kuti asamafinye. Kupala kukhale komaliza, ndipo achite ndi mmisiri wa mfuti.

Za dzanzi, mphunzitsi analankhula mosapita m'mbali. Ngati zala zikuchita dzanzi usiku, kapena ululu sukutha patapita masiku angapo, chofunika ndi dokotala, osati tepi.

Pempho langa ku komiti ndi lakuti Loweruka likubwerali tipatule ola loyamba tisanawombe. Mfuti zonse zikhale zopanda kanthu, zipolopolo zitsale kunja kwa chipinda, tionane manja mmodzimmodzi. Cholembera ndibweretsa ndine. Malisiti a ulendo ndapereka kale kwa a Msungichuma.