Lipoti la Msonkhano wa Alembi a Magulu a Alimi ku Lilongwe

A Wapampando, akomiti ndi mamembala nonse a kopaletivi yathu, ndabwerako bwino ku Lilongwe kumene munandituma. Malisiti a basi ndi a malo ogona ndasiya kwa msungichuma. Amene amafunsa za alawansi ndisananyamuke akaone kumeneko, zonse zalembedwa.

Gawo la kalembedwe ka maminitsi linali zomwe timachita kale. La kasungidwe ka mafayilo tinangowerengeredwa mapepala. Chimene ndabwera nacho chenicheni ndi phunziro la kayankhidwe ka foni.

Mayi amene amaphunzitsa anatikhazika awiriawiri kuti tiziimbirana. Ambiri foni ikangolira amati, "Halo, ndani?" Mayiwo anati woimba foni ali ngati mlendo amene wanena odi pakhomo, sungamufunse dzina usanamulonjere. Yambani ndi moni, tchulani dzina la gulu, kenako lanu, ndiye mufunse kuti, "Tikuthandizeni chiyani?" Ngati munthuyo sanadzitchule, mawu ake ndi akuti, "Pepani, ndikulankhula ndi ndani?"

Anakhalitsa pa ulemu wa m'mawu. Pafoni munthu sumuona, mwina ndi mwana, mwina ndi a gulupu, choncho aliyense ndi "inu". Vuto lathu ndi kusakaniza. Timayamba bwino kuti "Dikirani pang'ono", kenako n'kumaliza ndi "ndikuuze" m'malo mwa "ndikuuzeni". Ponena za wapampando sitinena kuti "watuluka", timati "atuluka". Ndipo kuyankha kuti "kulibe" n'kudula foni ndi mwano. Funsani uthenga, lembani dzina, nthawi ndi nambala, muibwereze woimbayo akumva. Manambala a 088 ndi a TNM, a 099 ndi a Airtel, ndipo popatsa nambala munthu wakunja muyambe ndi +265, ziro woyamba uja mumuchotse.

Apa ndiye pakutikhudza. Tonse tikukumbukira wogula soya uja amene anaimba nyengo yatha n'kuyankhidwa ndi mwana kuti "adadi kulibe". Palibe anamuimbiranso, ndipo soya tinadzagulitsa kwa mavenda motchipa. Nkhaniyi ndinaibweretsa mu komiti, ndinauzidwa kuti ndikulimbana ndi anthu. Sindikulimbana ndi munthu. Foni ya gulu isamagone kunyumba kumene ana amaseweretsa. Komanso mayunitsi amene tinagwirizana kuti azigulidwa mwezi ndi mwezi ali kuti? Ine ndakhala ndikuimbira ogula ndi foni yanga, ndalama yanga, mpaka lero sindinabwezeredwe. Ena mwa ife timaflasha ogula kuti atiimbire ndi iwo. Kampani yofuna matani a mtedza ingatiyese anthu a bizinesi tikamatero?

Msonkhano unagwirizana kuti foni za magulu tiziyankha m'Chingerezi poyamba, kenako Chichewa. Ine ndinakana, ndipo pano ndikukanabe. Amene amatiimbira ndi alimi a ku Kapiri, Mkanda ndi Kamwendo. Ngakhale ogula a ku Chipata timamvana nawo m'Chinyanja. Gogo akamva Chingerezi amadula msanga poganiza kuti walakwitsa nambala, yunitsi yake yapita chabe. Tiyambe ndi Chichewa, wofuna Chingerezi timutsatire. Anandiposa mavoti, koma zimene anagwirizanazo ndi malangizo chabe, sizikutimanga.

Anatichenjezanso za akuba a pafoni onamizira kuti atumiza ndalama molakwika. Ulemu sutanthauza kuulula zonse. PIN ya Mpamba kapena ya Airtel Money siperekedwa kwa woimba aliyense, ngakhale alankhule mokoma chotani. Izi zinandikumbutsa simu yathu. Chiyambire kalembera wa masimu amene a MACRA, bungwe la boma loyang'anira za mafoni ndi mawailesi, analamula mu 2018, simu imakhala m'dzina la mwini chiphaso cha unzika. Yathu ili m'dzina la membala amene anachoka m'gulu, koma ndalama za alimi zikudutsa momwemo. Tikuyembekezera chiyani?

Ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tikambirane za kusintha dzina pa simu, za munthu wosunga foni ndi kabuku ka mauthenga, komanso za ndalama yanga ya mayunitsi. Amene adzasankhidwe kusunga foniyo ndidzakhala naye pansi kuti tiyeseze kuimbirana monga tinachitira ku Lilongwe.

Ine mlembi wanu.