Aise, ukuikumbukabe sofa ya Sammy Maudlin?

Aise,

Ndakusowa kwambiri mnzanga. Uli bwanji kumeneko, ntchito ikuyenda? Kuno tilipo, ana akukula, chodandaula palibe. Ndakhala ndikufuna kukuimbira koma nkhani yomwe ili pamtimayi siyokamba mothamanga netiweki ikudukaduka, nde ndati bola ndingolemba uwerenge mofatsa ukapeza mpata.

Dzana usiku tulo tinandithawa, ndinkangoyendayenda pa YouTube osadziwa chomwe ndikufuna, mwadzidzidzi ndinangoona nkhope ya Joe Flaherty atavala suti ija ali Sammy Maudlin, muulutsi wonamizira uja wa mu pulogalamu ya nthabwala ya pa TV ya SCTV. Ndinadina. Mphindi ziwiri zisanathe ndinali nditagwira pamimba misozi ili chuchuchu, ndipo dzanja langa linapita lokha kumbali kuti ndikumenye paphewa ngati kale lija, kupeza pambali panga palibe munthu. Ndinaimitsa kavidiyoko nkukhala kaye duu mumdima.

Ukukumbuka madividi a SCTV aja olembedwa ndi maka pamwamba omwe msuweni wako anatisiyira? Imodzi inali yokalikakalika moti ikafika pakati imangoima, John Candy kukamwa kuli yasa manja ali m'malere akufuna kuomba, ife nkuitulutsa, kuipumira mpweya, kuipukuta ndi malaya nkuyambiranso kuchiyambi osanyinyirika. Nthawi imeneyo sitinkadziwa nkomwe kuti SCTV ndi yakale kuposa ife, tinadzadziwa pambuyo kuti inayamba 1976 ku Toronto ndi anthu a gulu la zisudzo la Second City nkudzatha 1984. Chomwe chinatikoka ndi nzeru yake ija, yoti pulogalamu yonse izinamizira kuti ndi kasiteshoni ka TV ka m'tauni yotchedwa Melonville yomwe pamapu palibe, nde zonse zinali momwemo, nkhani, malonda, mafilimu a usiku, mapulogalamu ocheza ndi alendo, mpaka mabwana ake. Guy Caballero mwini siteshoni amayenda pa njinga ya olumala miyendo ili bwinobwino, ati kuti anthu azimupatsa ulemu. Edith Prickley ndi zovala zake zamawangamawanga ngati kambuku zija, akaseka chipinda chonse chimadzadza.

Koma ine mtima wanga unali pa sofa ya Sammy Maudlin, ndipo mpaka lero ndimati palibe amene anaigwira bwino nkhani ya mapulogalamu ochezawa kuposa pamenepaja. Taganiza, pulogalamu yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza palibe chanzeru chomwe chikukambidwa, ntchito nkutamandana basi. Bobby Bittman, amene ankasewera Eugene Levy, amalowa tsitsi litafufuma, matcheni agolide pakhosi, mphete zala zonse, Sammy nkuimirira kumukumbatira nkulengeza kuti munthu ngati uyu dziko silinaonepo, Bobby naye nkubweza kuti ayi wamkulu ndi iweyo Sammy, nde kumapeto kwa sofa kuli William B. Williams, John Candy ameneyo, ntchito yake kuseka ndi kuomba m'manja chilichonse chomwe bwana wanena ngakhale chisanathe kunenedwa. Lola Heatherton wa Catherine O'Hara akabwera nde zimafika pena, kuseka mutu ataponya kumbuyo ngati wamva nthabwala ya chaka pomwe palibe wanena kanthu. Ndipo pamene pankatipha ndi paja Bobby amasintha nkhope mwadzidzidzi kuti tsopano akambe za siriyasi, mawu nkutsika, aliyense nkuwerama ngati pamaliro, iye nkunena chinthu chopanda mutu, kenako onse m'manja phuphuphu maso atalengeza misozi yabodza. Iwe unkagwa pampando pamenepo, ndikukumbuka bwino, unkachita kukwawa kupita pakhomo kukapuma mpweya.

Dzana lija ndikuoneranso ndinazindikira chinthu chomwe tili achinyamata sindinachione. Anthu amenewa ankawakonda mapulogalamu omwe ankawasereulawo. Sungatsanzire kayendedwe ka munthu amene sunamuyang'anitsitse, ndipo munthu sumuyang'anitsitsa chonchija ngati sakukusangalatsa. Amene akungofuna kunyoza amatenga chimodzi chachikulu nkuchikokomeza, basi watha. Koma awa anaona tinthu ting'onoting'ono tomwe amaona munthu yekhayo amene wakhala maola ndi maola patsogolo pa TV, duwa lapulasitiki pakona, kamera kuchedwa kutembenuka muulutsi atayamba kale kulankhula, mlendo kuyang'ana kamera yolakwika, kachetechete kaja kamene kamagwa nthabwala ikalephera wina nkutsokomola chapatali. Ukaseka umaseka chifukwa unaziona zenizenizo, ndipo pansi pamtima umamumvera chisoni muulutsi amene akuyesetsa ndi zochepa zomwe ali nazo kuti aoneke ngati wa mumzinda waukulu.

Fernwood 2 Night ija nayo inali ya mtundu womwewu, ngakhale iyo sinali timasewero tifupitifupi, inali pulogalamu yathunthu yonamizira. Inatuluka 1977, anaikonza ndi Norman Lear, ati ikuulutsidwa kuchokera m'katauni ka Fernwood ku Ohio. Martin Mull anali Barth Gimble, muulutsi wodzimva amene nkhope yake imaonetseratu kuti akuona ngati tauniyo yamuchepera, pambali pake Fred Willard ali Jerry Hubbard, munthu wansangala amene amafunsa funso lopepera ndi mtima wonse osazindikira kuti walakwitsa, Barth nkungotseka maso. Ndi mkulu wa bandi uja Happy Kyne, dzina lachisangalalo koma nkhope ngati wangolandira uthenga woipa. Tsiku lomwe kunabwera Tom Waits, ati galimoto yake yafera m'tauniyo nde angomutenga kuti adzaze nthawi, anaimba ndi mawu ake okhakhala aja awiriwo akungoyang'anana kusowa chonena. Chaka chotsatira anaisamutsira ku California nkuisintha dzina kukhala America 2-Night kuti azilandira anthu otchuka ambiri, koma kwa ine mchere wake unatsalira ku Fernwood, chifukwa chokoma chinali kuchepa kwa malowo.

Ya Bob ndi Doug McKenzie a mu SCTV aja ndinadzamva mmene inayambira ndipo ndinaikonda kuposa kale. Mu 1980 SCTV itapita pa CBC, siteshoni ya TV ya dziko la Canada, kumeneko malonda anali ochepa poyerekeza ndi masiteshoni aku America nde pamatsala mphindi ziwiri, mabwana nkulamula kuti mphindi zimenezo muikemo zinthu zooneka kuti ndi za ku Canada. Rick Moranis ndi Dave Thomas, amene anadzasewera Bob ndi Doug, zinawakwiyitsa poti pulogalamu yonse inali kale ya anthu aku Canada yojambulidwa ku Canada, nde anangoti chabwino, anavala zipewa zaubweya ndi majekete a m'nyengo yozizira, mapu a dzikolo kumbuyo, mabotolo a mowa patsogolo, nkumangobwebweta popanda cholemba. Chinthu chomwe anachita mopsa mtima kuti atseke pakamwa mabwana ndi chomwe chinadzatchuka kuposa zina zonse.

Za Saturday Night Live, pulogalamu ya timasewero ta nthabwala ya ku America ija, nde sindingakuuze zambiri poti iwe ndi amene unkazidziwa pamtima. Wayne's World inayamba momwemo 1989, Mike Myers ali Wayne ndi Dana Carvey ali Garth atakhala pa sofa yakutha m'chipinda chapansi kunyumba kwa makolo a Wayne ku Aurora, Illinois. Ife poyamba tinkadabwa kuti anyamata awiri opanda ntchito yooneka angapeze bwanji pulogalamu pa TV, kenako tinamva kuti ku America makampani a TV ya mawaya amasiya tchanelo choti munthu wamba aliyense abwere adzaulutse zake, kaya ndi zophikaphika kaya ndi zauzimu kaya nkungocheza, nde Wayne ndi Garth anali anthu oterowo. Tsiku lomwe a bandi ya Aerosmith anatsikira m'chipinda chija, Tom Hanks ali wonyamula zida akuyesa maikolofoni mosalekeza, tinabwereza kangati kaya.

Koma imene imandikhudza mpaka pano ndi The Chris Farley Show, ya mu Saturday Night Live momwemo. Munthu wamkulu thupi atakhala moumika pampando thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, mlendo wake woimba Paul McCartney mu 1993, iye funso lenileni alibe, amangomukumbutsa mlendoyo zomwe anachita kale nkunena kuti zinali zabwino kwambiri, akaona kuti walakwitsa nkuyamba kudzimenya pamutu kudzitukwana, mlendo nkumamutonthoza. Timaseka inde, koma aliyense wa ife ankadziwa kuti atatiika pampando umenewo patsogolo pa munthu amene timamukonda chonchija tikanachita chimodzimodzi. Munalibe nkhanza m'sewero lija, munali munthu wokonda mopitirira muyeso basi.

Nde ukukumbuka pulogalamu yathu? Mipando iwiri pakhonde, katebulo pakati, duwa la m'chitini lija tinkalinyamula kuliika pakona kuti paoneke ngati situdiyo, chipeso ndiye maikolofoni. Ine muulutsi, iwe William B. wanga. Mlongo wako anali mlendo wa masiku onse, lero woimba wotchuka mawa dokotala wa matenda omwe kulibe, ndipo iwe unkaomba m'manja iye asanatsegule nkomwe pakamwa mpaka tsiku lina anaseka nkulephera kumaliza, anangokhala pansi chipeso chili m'manja mapewa akugwedezeka. Kamera panalibe, woonera panalibe, koma tinkatsazika "oonera kunyumba" mwaulemu wonse nkuwauza kuti tikumane sabata yamawa. Sindikudziwa ngati ndinasekapo chonchija chichokereni iwe.

Ndayesa kuganiza chifukwa chake zamasiku ano sizindigwira motero, ndipo sindikuti anthabwala alero alibe luso ayi, alipo aluso zedi. Vuto nlakuti chinthu chomwe ankachisereulacho chinasowa. Timasiteshoni tambiri tam'madera tinagulidwa ndi makampani akuluakulu, tonse tikuonetsa zofanana zokonzedwa kulikulu, muulutsi uja wa suti yothina amene tauni yonse imamudziwa ndipo umatha kukumana naye pamsewu anapita. Mbali inayi aliyense tsopano ali ndi pulogalamu yake pa foni, Wayne ndi Garth ali paliponse, maikolofoni yabwino chithunzi choyera, nde ukatsanzira ndani poti onse ndi omwewo? Komanso kutsanzira kumakoma pamene tonse tinaonera chinthu chimodzi. Kale m'nyumba zonse mumaonetsedwa pulogalamu yomweyo nthawi yomweyo, wanthabwala akangokweza nsidze ngati muulutsi uja aliyense wadziwa kale. Lero ine ndikuonera zanga, mwana wanga zake pa foni yake, tili pa sofa imodzi koma tikaseka timaseka zosiyana.

China ndi nthawi. Masewero aja sankathamanga, amalola kachetechete kukhala mpaka iwe woonera uyambe kumva manyazi m'malo mwa muulutsiyo, ndipo phwete limachokera pamenepo. Tividiyo talero ta masekondi makumi atatu mulibe malo a kachetechete, nthabwala ikachedwa pang'ono chala chapita kale. Ndinayesa kumuonetsa mwana wanga wamkulu Sammy Maudlin, anaonera mwaulemu ndithu kenako anandifunsa kuti adadi, nanga choseketsacho chibwera nthawi yanji? Sindinamudzudzule, sanaonepo pulogalamu yamtunduwo yeniyeni nde angadziwe bwanji chomwe chikutsanziridwa.

Chomwe chinandilemetsa mtima kwambiri usiku uja ndi kuwerenga amene anatisiya. John Candy anapita 1994 ali ndi zaka 43 zokha, Chris Farley 1997 ali ndi 33, kutanthauza kuti nthawi yomwe ife tinkagubuduka ndi phwete pakhonde paja iwo anali atagona kale ife osadziwa. Fred Willard 2020. Kenako 2024 inatenga awiri, Joe Flaherty mu Epulo, Martin Mull mu Juni, Sammy Maudlin ndi Barth Gimble chaka chimodzi. Ya Flaherty ndinaimva mochedwa ndipo munthu woyamba amene ndinafuna kumuuza unali iwe, ndinalemba meseji nkuifufutanso poganiza kuti mwina uli pantchito ndikusokoneza, pano ndikuona kuti ndikanangotumiza.

Nde pempho langa ndi ili aise. Ndikutumizira malinki atatu pa WhatsApp, usaonere wekha chonde, ugwire mtima. Loweruka likubwerali usiku ana akagona tiimbirane pa vidiyo, iwe uko ine kuno, tiwerenge mpaka katatu nkudina limodzi, ndikufuna ndimve ngati umasekabe kotsamwa kuja. Undiuze nthawi yomwe ingakukomere poti mawotchi athu amasiyana, ine ngakhale pakati pausiku ndidzuka. Komanso tafufuza m'makatoni ako, dividi yokalika ija unapita nayo ndiwe kapena inatsala kwa mlongo wako? Ngati ilipo usaitaye, ngakhale isakuwerenganso.

Upereke moni kwa alamu ndi ana. Mlongo wako ukalankhula naye umuuze kuti mpando wa mlendo ukumudikirabe.

Ndine mnzako wa pakhonde paja.