Za famu ya Anna Creek ija ikuzungulira pa WhatsApp

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa kauthenga kamene kakuyenda m'magulupu masiku ano, koti ku Australia kuli famu imodzi yokha yaikulu ngati chigawo chonse cha kumpoto kwa Malawi pomwe ife tikungokanganirana timaekala tiwiri. Amalume anditumizira kawiri konse, ati iwe uli komweko tatiuza. Chabwino amalume ndikuuzani, koma mwina simukondwa nazo.

Famuyo ilipodi. Dzina lake ndi Anna Creek, ku South Australia, ndipo kuno satchula famu amati station. Mukaphatikiza ndi gawo lake lotchedwa The Peake imakwana masikweya kilomita oposa 23,000, ndiye zoti yatsala pang'ono kufanana ndi chigawo cha kumpoto si bodza ayi. Chimene wolemba uthengayo sananene n'chakuti malo onsewo chaka chabwino, mvula itagwa, amasunga ng'ombe zongopitirira 16,000 basi. Tawerengani nokha. Ng'ombe imodzi mahekitala oposa 100! Ku Ngabu munthu atapatsidwa mahekitala 100 angasunge ng'ombe imodzi?

Ine ndinadutsako ndi anzanga akuntchito, tinanyamuka ku tauni ya Coober Pedy pa msewu wafumbi makilomita 160 kukafika ku William Creek, kamudzi kamene kali mkati mwa famuyo, kamudzi kake ndi bala, pothira mafuta ndi bwalo la tindege, anthu okhalamo mutha kuwawerenga ndi zala. Ulendo wonsewo maso anali pawindo kufuna kuona ng'ombe zotchukazo. Tinaona zisanu kaya zisanu ndi imodzi, zitaima pa chomwera madzi, kwinako miyala yofiira ndi tizitsamba tofika m'mawondo mpaka kumene maso alekezera. Ntchentche zokha ndiye zosayamba, ukangotsika galimoto zili m'maso, m'mphuno, ukati uyankhule imodzi yalowa mkamwa. Mvula ya chaka chonse kumeneko sifika mamilimita 200, imene ku Lilongwe imatha kugwa mu Januwale yekha.

Mbiri yake ndi imene imandisangalatsa. Azungu anayamba kuweta kumeneko mu 1863, pamalo otchedwa Strangways Springs, chifukwa pali akasupe otumphuka okha kuchokera pansi pa nthaka, madzi ake amchere pang'ono koma chiweto chimamwa. Ndipo anayamba ndi nkhosa osati ng'ombe, ubweya ndiwo unali ndalama nthawi imeneyo. Mu 1872 likulu la famu analisamutsira ku Anna Creek, chaka chomwecho waya wa telegalafu wochokera ku Adelaide kukafika ku Darwin unatha kumangidwa ndipo pa Strangways panakhala siteshoni yolandirira mauthenga n'kuwapititsa patsogolo. Mabwinja ake alipo mpaka lero, makoma amiyala opanda denga, khola la nkhosa lamiyala, ndi timanda pambali.

Nkhosazo zinatha bwanji? Agalu am'tchire, a dingo. Amaoneka ngati galu wakumudzi wofiirira uja, woonda, koma akalowa pa nkhosa amapha zambiri kuposa zimene angadye. Eni ake anataya nkhosa mpaka anagonja n'kusinthira ku ng'ombe, poti ng'ombe yaikulu dingo saiyamba dala, amangovutitsa ana ake. Lero kuli mpanda wawaya wotalika makilomita oposa 5,000 wotchinga agaluwa, nkhosa zimawetedwa kumwera kwa mpandawo, Anna Creek ili kunja kwake, mbali ya agalu.

M'zaka za m'ma 1930 famuyi inalowa m'manja mwa kampani ya Sidney Kidman, amene ankamutcha mfumu ya ng'ombe. Mkuluyu anathawa kwawo ali kamnyamata, ndipo nzeru yake inali yosavuta kumva: osadalira famu imodzi. Anagula mafamu ambirimbiri ondondozana kutsata mitsinje ya mkati mwa dziko, kuti chilala chikagunda uku ng'ombe azisamutsire uko kumene kwagwa mvula. Ndipo chilala chikafika pa Anna Creek sachita manyazi, amagulitsa kapena kusamutsa pafupifupi zonse n'kutsala ndi zochepa, kudikira msipu. Apa ndiye ndimakumbuka agogo anga amene ankalolera ng'ombe kufa ndi njala m'khola kusiyana n'kugulitsa, ati khola lichepa anthu atiseka.

Ogwira ntchito ndi ochepa zedi, kusonkhanitsa ng'ombe amachita ndi kandege m'mwamba ndi njinga zamoto pansi, makalata amabwera kawiri pa sabata kuchokera ku Coober Pedy, ukadwala kwambiri dokotala amabwera pa ndege. Ndiye amene akuganiza kuti famu yotere ingalembe ntchito achinyamata a boma lonse aiwale.

China chimene uthengawo wabisa, malowa sanali opanda eni. Ndi dziko la anthu a mtundu wa Arabana, ndipo akasupe aja anali awo kalekale, ndi nthano zake ndi miyambo yake, nkhosa zitabwera zinapondaponda akasupewo eni ake n'kusanduka aganyu oweta ziweto za alendo pa dziko lawo lomwe. Khoti linadzavomereza kuti dzikolo ndi la makolo awo mu 2012, patatha zaka pafupifupi 150. Komanso amene amaweta pamenepo sikuti malowo anagula ndi awo, ndi lizi ya boma yowetera ziweto. Mu 2015 kampani ya Kidman itafuna kugulitsa mafamu ake onse kwa anthu akunja boma linakana, chifukwa mbali ina ya Anna Creek ili m'dera la Woomera kumene asilikali amayesera zida. Mapeto ake mu 2016 Anna Creek anaigulitsa payokha kwa banja la alimi a konkuno, a Williams.

Ndiye amalume, chithunzi chija cha ng'ombe zonenepa zili mu udzu wobiriwira wofika m'mimba, chimene chili pamwamba pa uthengawo, ine kumene ndinadutsa sindinaone malo otero. Mukabwera ndidzakutengani mukaone nokha, koma mudzagule kaneti kakumaso ka ntchentche.

Wowerenga wanu,
Adelaide, Australia