Mabanja okhala m'mabasi ku America: tiyambe tafunsa za ana

A Mkonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo za mabanja a ku America amene amagula mabasi akale a sukulu, n'kuwasandutsa nyumba, n'kumayenda nawo uku ndi uku pamodzi ndi ana awo. Zithunzi za mabanja amenewa zafala kwambiri pa Facebook, pa YouTube ndi m'magulu a WhatsApp, ndipo ambiri amene amaziona amangoti anthuwa atulukira njira yozembera lendi ndi ngongole ya nyumba. Ine ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, kufupi ndi mzinda wa Elkhart kumene amapanga magalimoto ambiri ogonamo a m'dziko lino, choncho kuno munthu wokhala m'galimoto sadabwitsa. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti nkhaniyi imakambidwa ngati ya akuluakulu awiri amene asankha moyo wawo, pamene amene amasenza zotsatira zake kwambiri ndi ana, omwe nthawi zambiri safunsidwa n'komwe.

Sindikutsutsa kuti maganizo ogula basi ali ndi nzeru yake. Dziko lino lili ndi mabasi a sukulu pafupifupi 480,000, opangidwa makamaka ndi makampani a Blue Bird, Thomas Built Buses ndi IC Bus, ndipo akatumikira zaka zingapo, kawirikawiri zopitirira khumi, akuluakulu a zamaphunziro amawagulitsa pa okushoni pamtengo wa madola masauzande ochepa chabe. Ena mwa mabasiwa amapita ku Guatemala kukanyamula anthu, ena amagulidwa ndi mipingo, ndipo otsalawo ndi amene amagwera m'manja mwa mabanja tikunenawa. Tikakumbukira kuti m'zaka zaposachedwapa mtengo wapakatikati wa nyumba ku America wakhala ukupitirira madola 400,000, ndiponso kuti mu 2023 chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba chinafika pa 7 peresenti n'kupitirira, palibe amene angadabwe kuona mwamuna ndi mkazi wake akuyang'ana basi yolimba, ya injini ya dizilo, n'kuganiza kuti akhoza kulereramo ana. Basi yaikulu imatalika mamita 12, m'lifupi pafupifupi mamita awiri ndi theka, kotero kuti akachotsa mipando mumatsala malo okwana bedi la makolo kumbuyo, mabedi osanjikiza a ana, kakhitchini, bafa ndi chimbudzi. Padenga amaikapo magetsi a dzuwa, pansi amamangirira thanki ya madzi.

Vuto loyamba, limenenso ndaliona kuti silitchulidwa kawirikawiri, limayambira pa kuchotsa mipandoko. Anthu amanena kuti basi ya sukulu ndi galimoto yotetezeka kuposa zina zonse pamsewu wa ku America, ndipo n'zoona, koma ndi ochepa amene amafunsa chimene chimaiteteza. Kuyambira mu 1977, malamulo a boma lalikulu amafuna kuti mipando ya m'basi ya sukulu ikhale yoyandikana, yamsana wautali, yokutidwa ndi zofewa komanso yomangidwa zolimba pansi, kuti basi ikawombana ndi chinthu, mwana akagunde pamsana wofewa wa mpando wakutsogolo kwake m'malo mouluka m'kati monse. N'chifukwa chake mabasi aakulu ambiri a sukulu ayenda zaka zonsezi opanda malamba a pampando. Chitetezo cha mwana chili m'mipando imeneyo, ndipo mipandoyo ndiyo chinthu choyamba chimene wokonza basi amazula n'kutaya. M'malo mwake mumalowa sofa yoyang'ana cham'mbali, matabwa okhomedwa ndi mwini wake, firiji, mabatire olemera ndi makabati odzaza mbale. Ana amene timawaona m'mafilimu aja akusewera pabedi basi ikuthamanga, sakutetezedwa ndi chilichonse, ndipo tsiku limene bambo awo adzaponde mabuleki mwadzidzidzi, katundu yense amene sanamangidwe kuchitsulo cha basi adzapita kutsogolo pamodzi ndi anawo. Alipo makolo amene amalingalira zimenezi, nasiya mipando ingapo yoyang'ana kutsogolo kapena kuika ina yokhala ndi malamba yobowoleredwa kuchitsulo chapansi, ndipo amenewo ndimawalemekeza. Koma ntchito yosandutsa basi kukhala nyumba imachitikira kuseri kwa nyumba ya munthu, popanda mmisiri wa boma woyesa kulimba kwa mpando uliwonse, pamene galimoto yochokera ku fakitale imayenera kukwaniritsa miyezo isanagulitsidwe.

Chimodzimodzinso woyendetsa. M'zigawo zambiri, basi ikangolembetsedwa ngati galimoto yogonamo, mwini wake safunikanso laisensi yapadera imene dalaivala wa basi ya sukulu amayenera kukhala nayo. Chimene lamulo limasamala kwambiri ndi maonekedwe: kuchotsa chikwangwani choimitsa magalimoto, kuzimitsa nyali zofiira zothwanima, kufufuta mawu osonyeza kuti ndi basi ya sukulu, ndipo m'zigawo zina kusintha utoto wachikasu uja umene unagwirizanidwa mu 1939 pamsonkhano woitanidwa ndi katswiri wa zamaphunziro Frank Cyr ku New York. Zonsezi n'zoteteza ana a anthu ena kuti asasokonezeke pamsewu, zomwe n'zabwino, koma munthu amene dzulo ankayendetsa kagalimoto kakang'ono akhoza lero kunyamula banja lake m'chigalimoto cholemera matani oposa 10 n'kutsetsereka nacho mapiri a ku Colorado asanaphunzirepo mmene mabuleki a mpweya amagwirira ntchito. Onjezanipo gasi wophikira, chitofu cha nkhuni kapena chotenthetsera cha dizilo m'kachipinda kotsekeka bwino chifukwa cha kuzizira, ndiye muona chifukwa chake kachipangizo kochenjeza za mpweya wakupha kayenera kugulidwa makatani asanagulidwe.

Za ndalama ndingodutsa mwachangu. Mtengo wa pa okushoni ndi chiyambi chabe, chifukwa kukonza m'kati kumadya ndalama zoposa mtengo wa basiyo kangapo. Mabasi a kuno kumpoto amadyedwa ndi dzimbiri chifukwa cha mchere umene amathira m'misewu nthawi ya chipale, makampani ambiri a inshuwalansi amazengereza kulandira galimoto yokonzedwa pakhomo, ndipo basi yaikulu imayenda makilomita atatu kapena anayi okha pa lita imodzi ya dizilo. Kuchokera kuno kupita ku Quartzsite m'chipululu cha Arizona, kumene oyendayenda amasonkhana nthawi yozizira, ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000, umene ungamwe malita 800 kapena kupitirira apo. Injini ikafa panjira, banja limataya galimoto ndi nyumba tsiku limodzi, ndipo limakagona kuhotela kudikira makaniko.

Funso lalikulu kuposa la ndalama n'lakuti basiyo imagona kuti dzuwa likalowa. Munthu akhoza kugula makoma ndi denga, koma malo oimikapo amakhala a mwini wake. Kumadzulo kwa dziko lino kuli malo aakulu a boma oyang'aniridwa ndi Bureau of Land Management, kumene munthu amaloledwa kukhala ulele, koma kawirikawiri masiku 14 okha pamalo amodzi, kenako ayenera kusamuka. Malo olipira oimikapo magalimoto ogonamo ali ndi madzi ndi magetsi, koma ena amakana galimoto yopitirira zaka khumi, ndipo ena amakaniratu mabasi osandutsidwa. Mizinda yambiri nayo ili ndi malamulo oletsa kugona m'galimoto m'mbali mwa msewu. Choncho kuyendayenda kumene timakusirira pazithunzi kuja, mbali ina n'kufuna kwa eni ake, mbali ina n'kukakamizidwa, popeza kuima malo amodzi sikuloledwa. Kwa munthu wamkulu wogwira ntchito pa intaneti, kusamuka sabata ziwiri zilizonse kungakhale kosangalatsa. Kwa mwana wa zaka khumi, kumatanthauza kuti mnzake amene wam'peza lero sadzakhala naye mwezi wamawa, kuti dokotala amene anamuona chifuwa chitam'vuta si amene adzamuonenso, ndiponso kuti akamasinkhuka n'kuyamba kufuna kusintha zovala payekha, chom'lekanitsa ndi makolo ndi abale ake ndi katani chabe.

Sukulu ndiyo imandidetsa nkhawa koposa. Pafupifupi chilichonse ku America chimayendera keyala, kuyambira laisensi, msonkho, inshuwalansi ya chipatala mpaka sukulu imene mwana angalowe. Mabanja oyendayenda amasankha chigawo chimodzi kuti chikhale kwawo papepala, ndipo ambiri amasankha Texas, Florida kapena South Dakota chifukwa zigawozi sizidula msonkho pamalipiro a munthu. Ku Livingston m'chigawo cha Texas kuli bungwe la Escapees limene limapatsa oyendayenda keyala ndi kuwatumizira makalata awo kulikonse kumene ali. Kuphunzitsa ana pakhomo n'kololedwa m'zigawo zonse 50, koma malamulo ake amasiyana kwambiri. Ku New York kholo liyenera kupereka malipoti kanayi pachaka ndi kusonyeza mmene mwana wachitira kumapeto kwa chaka, pamene ku Texas kholo la mwana amene sanalembetsedwepo kusukulu siliyenera kudziwitsa boma, ndipo palibe mayeso okakamiza. Ndikukhulupirira kuti makolo ambiri a m'mabasi amaphunzitsa ana awo mokhulupirika, ndipo mwana amene waona chigwa chachikulu cha Grand Canyon ndi maso ake waphunzira chinthu chimene buku silingam'patse. Koma pamene makolo alephera, kaya chifukwa cha kutopa, umphawi kapena nkhanza, palibe mphunzitsi amene amaona mwanayo m'mawa uliwonse, palibe woyandikana naye nyumba amene amadziwa dzina lake, palibe azakhali kapena agogo odutsa pakhomo. Ife amene tinaleredwa ndi mawu akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe tiyenera kuzindikira msanga kuopsa kwa moyo umene umachotsa mwana pamaso pa anthu ena onse. Ndiwonjezere kuti mabanja ena amapeza ndalama za ulendo mwa kujambula moyo wa ana awo tsiku ndi tsiku n'kuuika pa YouTube, zomwe zimachititsa mwana kukhala mbali ya malonda a banja asanafike msinkhu wovomera kapena kukana.

Pali gulu linanso limene zithunzi zokongolazi zimaliphimba. Kuwerengera kwa boma kwa mu January 2024 kunapeza anthu 771,480 opanda pokhala usiku umodzi wokha, ndipo pafupifupi 150,000 mwa iwo anali ana. M'kuwerengera kumeneku, wogona m'galimoto chifukwa chosowa kolowera amaikidwa m'gulu la ogona panja. Mu June chaka chomwecho, Khoti Lalikulu la dziko lino linagamula pa mlandu wa mzinda wa Grants Pass ku Oregon kuti mizinda ikhoza kulanga anthu ogona m'malo a aliyense ngakhale atakhala kuti alibe kwina kopita. Banja limene linagulitsa nyumba n'kukhala ndi ndalama kubanki likauzidwa ndi apolisi kuti lichoke, limaliza injini n'kupita. Banja limene linalowa m'basi kapena m'galimoto yakale chifukwa lendi inalikanika, limene bambo kapena mayi ake ayenera kukhala pantchito m'tauni momwemo m'mawa, silingathawire kuchipululu, ndipo chindapusa kapena kulandidwa galimoto kumaligwetseratu. Tikamatcha mabanja onse awiriwa kuti ndi okhala m'tinyumba tating'ono, timabisa amene akufunika thandizo kuseri kwa amene akusangalala.

Kwa mabanja a gulu lachiwirili, kuphatikizapo abale athu ochokera kumudzi amene zinthu zingawathine kuno, pali zinthu ziwiri zimene ndikufuna azidziwe. Lamulo la McKinney-Vento la mu 1987, monga mmene linakonzedwera pambuyo pake, limaona mwana wogona m'galimoto kapena pamalo a misasa chifukwa chosowa nyumba ngati wopanda pokhala, ndipo limalamula sukulu za boma kum'landira nthawi yomweyo ngakhale alibe chikalata cha keyala, komanso kum'thandiza mayendedwe kuti apitirize pasukulu yake yakale. Chachiwiri, mizinda ina, kuyambira ndi Santa Barbara ku California mu 2004, ili ndi ndondomeko yolola anthu okhala m'magalimoto kuima usiku pamabwalo a mipingo ndi a maofesi popanda kuthamangitsidwa, uku akuthandizidwa kufunafuna nyumba. Makolo ambiri safunsa za zimenezi poopa kuti akaulula kumene amagona alandidwa ana, motero mwana amajomba kusukulu miyezi pamene lamulo lili kumbali yake.

Pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti tsiku limene mudzaganize zosindikiza nkhani ya banja lokhala m'basi, mtolankhani wanu adzafunse kuti ana amakhala pampando uti basi ikamayenda ndipo mpandowo unamangidwa kuchiyani, kuti banjalo linagona kuti usiku wapitawo ndi chilolezo cha yani, ndiponso kuti ndi munthu wamkulu uti, kupatula makolo, amene amaona anawo kawirikawiri. Ngati m'banjamo muli mwana wosinkhukirapo, adzam'pemphe kuti ayankhe yekha.

Ine wowerenga wanu,
South Bend, Indiana