Kalata kwa mwana wanga amene akukayamba ntchito kuchilendo

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kaya iwe, mpongozi wanga ndi adzukuluwo. Mawu ako a pa foni aja akundisowetsa mtendere, n'chifukwa chake ndatenga cholembera. Unati kuchipatala kumene akutumizako anthu amayankhula chiyankhulo china, koma sutaya nthawi kuchiphunzira poti Chingerezi chilipo, omasuliranso alipo.

Pamenepo sindikugwirizana nawe. Chingerezi chidzakuthandiza polemba malipoti, pamisonkhano ndi powerenga za mankhwala atsopano, ndipo sitinalakwe kukulipirira sukulu kuti uchidziwe. Koma taganizira gogo amene wakhala pabenchi kuyambira m'mawa. Akalowa adzafotokoza kuti mutu ukugunda mbali imodzi, umayamba dzuwa likapendeka, maso amachita mdima akaweramira pansi. Womasulira wotopa adzakuuza kuti: "Mutu ukuwapweteka." Zina zonsezo zathera m'njira, iwe n'kulemba mankhwala pa theka la nkhani. Nanga mayi amene ali ndi matenda a kumalo obisika? Adzaulula bwanji pamaso pa munthu wachitatu, mwinanso mwana wa mnansi wake? Adzangoti m'mimba, n'kubwerera kwawo ndi matenda ake.

Kumene kuli ziyankhulo zambiri, chachiwiri ntchito yake n'kukumanitsa anthu. Ku Papua New Guinea kuli ziyankhulo zoposa 800, ndipo ambiri akakumana amamvana m'Chitok Pisin, kenako aliyense akabwerera kwawo amayankhula chake. Ku Tanzania, kumene kuli ziyankhulo zoposa 100, Julius Nyerere analimbikitsa Chiswahili kuti mitundu yonse izimvana. Koma chiyankhulo chikabwera ndi chikwapu, anthu amachikana mpaka kukhetsa mwazi. Pa 16 June 1976 ana a sukulu ku Soweto anaguba kukana kuphunzitsidwa m'Chiafrikaans, apolisi n'kuwawombera. Ku Dhaka, mzinda umene lero ndi likulu la Bangladesh koma nthawiyo unali m'dziko la Pakistan, pa 21 February 1952, ophunzira anaphedwa pomenyera Chibengali pamene boma la Pakistan linkafuna kuti Chiurdu chokha chikhale cha dziko lonse. Tsiku limenelo ndi lomwe UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inasankha mu 1999 kuti tizikumbukira chiyankhulo chimene munthu anayamwira.

Usaganize kuti zimenezi n'za maboma okha. M'chipinda chopimiramo wamphamvu ndi iwe. Ukadikira kuti wodwala ndiye akupeze m'chiyankhulo chako, wasenzetsa mtolo munthu amene wabwera kale wolefuka. Wophunzira ndiye ayenera kusuntha, poti mutu wake unazolowera kale mabuku.

Sindikuti ukachite kuchidziwa ngati mwini wake, ayi. Yamba ndi moni, mayina a ziwalo za thupi, mawu ofunsira kuti "pakupweteka pati" ndi "zinayamba liti". Yenda ndi kabuku m'thumba. Aphunzitsi abwino ndi alonda ndi amayi okolopa, osati anzako a digiri, chifukwa anzakowo akamva ukupunthwa adzathamangira ku Chingerezi pofuna kukuchitira ulemu. Anthu adzakuseka ukapotoza mawu, nawenso useke nawo. Kufunsa n'kudziwa njira.

Za adzukulu anga ndinenenso pang'ono. Iwo adzatola chiyankhulo cha kumeneko posewera ndi anzawo, mwina miyezi ingapo adzayamba kukukonza iweyo. Usawaletse. Koma pakhomo muziwayankhula chathu, chifukwa mwana amatha kusunga ziyankhulo ziwiri kapena zitatu osasokonezeka, ndipo chimene chimatayika msanga ndi chija makolo asiya kuchiyankhula m'nyumba. Ine ukalamba wafika, sindifuna kucheza ndi mdzukulu wanga kudzera mwa womasulira.

Ukafika undiimbire, undiuzenso ngati nyumba ya ogwira ntchito ija yapezeka. Bambo ako akupereka moni.

Ndine mayi ako.